Mizere Iwiri ya Adada

Chitipa Boma
4 Seputembala

Wokondedwa mng'ono wanga Loveness,

Monire kumeneko. Uli uli? Adada ali bwanji, nanga asibweni a Bizwell ndi banja lawo? Ine kuno ndili bwino, ntchito ya m'nyumba ikuyenda. Ndikulemba kalata chifukwa ndikakuyimbira foni umangopumira m'khutu mwanga, ine n'kumalankhula ndekha mpaka mayunitsi kutha. Papepala ndiye umakhala ndi pakamwa.

Nkhani ndi iyi. Madamu anga a Eleanor, anamwino aja a ku Zomba, ali m'gulu la anthu ogwira ntchito m'boma amene amathamanga m'mamawa. Tsiku lina anaiwala botolo la madzi, ndiye ndinawathamangira nalo. Ndinapitirira aphunzitsi awiri ndi bambo wina wa zaulimi, mimba ili patsogolo, ine ndili m'chitenje ndi masilipasi. Madamu anaima n'kugwira m'chiuno, amvekere, "Iwe Maureen, miyendo imeneyi wakhala ukuibisa kukhitchini kwanga?"

Tsopano andilembetsa mpikisano. Amautcha malathoni, udzachitika Loweruka pa 21 Okutobala. Ndi makilomita 42. Akuti ndi pafupifupi kuchoka kuno kufika kwathu ku Chisenga, koma ife sitidzapita kulikonse. Tidzazungulira njira imodzi ya makilomita atatu, maulendo khumi ndi anayi. Tidzayamba 7 koloko madzulo chifukwa dzuwa la Okutobala likhoza kugwetsa munthu, komanso njira imeneyo ndi yokhayo angathe kuikamo nyali. Ukazungulira kamodzi amakuveka kamphira pamkono kuti usabe. Kudzabwera mphunzitsi wa othamanga wochokera ku Mzuzu, akuti mtsikana amene adzachite bwino adzamutenga.

Uwawerengere adada kalatayi pang'onopang'ono, atadya kale. Unditumizire ufa wa mawere ndi uchi pang'ono pa galimoto ya a Welcome. Ndipo usaiwale kuwasiyira adada mizere yawo iwiri pansi pa kalata. Ndimayambira pamenepo kuwerenga, zako ndimawerenga pambuyo, usakwiye.

Ndine mkulu wako,
Maureen


Chisenga
11 Seputembala

Okondedwa akulu anga a Maureen,

Yewo chifukwa cha kalata. Kuno tonse tili bwino. Nyemba tamaliza kupuntha. Mbuzi yakuda ija yabereka awiri koma mmodzi ndi wofooka.

Ndinawawerengera adada monga munanenera. Anafunsa, "Kuthamanga usiku? Akuthawa ndani?" Nditafika pa bambo wa mimba uja anaseka mpaka kutsokomola. Anati ndibwereze pamenepo kawiri.

Asibweni analipo. Iwo sanaseke. Anati, "Alamu, mwana wamkazi kumazungulira tauni usiku, anthu adzati tinamulera bwanji?" Adada anati, "Adzati tinamudyetsa." Asibweni anatenga chipewa chawo n'kumapita.

Atapita, adada anandifunsa ngati mukukumbukira chaka chimene amama anamwalira, pamene sukulu inakusankhani kukathamanga ku Karonga koma iwo anakukanizani chifukwa panyumba panalibe wophika. Ndinati sindikudziwa, ine ndinali wamng'ono.

Ufa ndi uchi ndawapatsa a Welcome. Mukakhala ndi chithunzi chanu mutitumizire. Mabatire a tochi atha.

Ndine mng'ono wanu,
Loveness

Maureen, kabudula wakeyo akhale ndi nsalu yokwanira.
Chiuta akusunge. Ndine adada ako.


Chisenga
25 Seputembala

Okondedwa akulu anga,

Muli uli? Kuno tili bwino. Pepani ndachedwa kuyankha, ntchito yachuluka.

Mabatire afika ndi chithunzi chomwe. Mwaonda koma mukuoneka bwino. Adada anachiona. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

Mwana wa mbuzi uja wafa. Kukutentha kwambiri, ndipo usiku ku Mafinga moto ukuyaka phiri lonse.

Ngati mungathe mutumize sopo wochapira wambiri ndi shuga. Adada akupumula.

Ndine,
Loveness


Chitipa Boma
2 Okutobala

Loveness,

Monire. Ndikhulupirira muli bwino nonse. Sopo ndi shuga ndi zimenezo. Sopo wambiri chonchi mukuchapira mudzi wonse?

Ndatembenuza kalata yako kuseri, ndayang'ana m'envulopu, mizere ya adada sindinaione. Zaka zinayi ndili kuno sanaphonyepo. Ngakhale tsiku lija anadzitema ndi chikwanje analemba ndi chala chomanga nsanza. Ndiuze zoona, ndi chithunzi chija? Kabudula ameneyo ndi wa madamu, amafika m'maondo, kuposa pamenepo ndiye ndi thalauza. Kapena asibweni awalowa m'khutu? Ndawafunsa a Welcome, angoti, "Ine ndine wa mawilo, mlongo, za m'nyumba za anthu sindinyamula," n'kuliza injini. Ngati vuto ndi inki, ndaikamo cholembera chatsopano.

Tayamba kuyeserera madzulo pa njira yeniyeniyo. Imayambira pabwalo la mpira, kutsika mpaka pa chigayo, kudutsa kumabala a mowa, kukwera kamtunda kena koipa, n'kubwereranso pabwalo. Ulendo woyamba umaona zonse. Ulendo wachisanu umadziwa galu aliyense ndi dzenje lililonse. Kupitirira apo mutu umayamba kukunamiza, umaona ngati chigayo chikukutsata. Kumabala kuli chidakwa china, ndikadutsa chimakuwa, "Alamu, mwataya chiyani? Tiuzeni tikufunireni!" Dzana chinayesa kunditsata ndi botolo m'manja, chinagwera mu ngalande.

Lamlungu ndinazungulira kasanu ndi kanayi osaima. Zikhadabo ziwiri zakuphazi zada. Madamu akuti ndizo zizindikiro za wothamanga weniweni, ine ndikuti ndizo zizindikiro za nsapato zobwereka.

Madamu andilola kubwera Loweruka lino, kudzagona usiku umodzi. Ndikufuna ndidzakhale pansi ndi adada. Ngati akukana adzandiuze pamaso, ndidzasiya. Sindingathamange ali ndi mtima wina pa ine.

Maureen


Chisenga
5 Okutobala

Okondedwa akulu anga a Maureen,

Yewo chifukwa cha sopo. Muli uli kumeneko? Zikhadabo zija muziziviika m'madzi a mchere.

Ndinawawerengera adada kalata yonse. Cholembera ndinawapatsa. Chili pawindo.

Ati musabwere Loweruka lino. Ati musabwere mpaka mpikisano utatha. Ndinawafunsa kawiri ndipo anati ndilembe choncho. Sanati musiye kuthamanga.

Ine ndikungolemba zimene andiuza. Musandikwiyire. Ndimakupemphererani madzulo alionse.

Ndine mng'ono wanu,
Loveness


Chitipa Boma
16 Okutobala

Loveness,

Monire. Ndakhala masiku khumi osayankha chifukwa ndikadayankha tsiku lomwelo ndikadalemba zoipa.

Ndamva. Munthu akakuuza kuti usabwere pakhomo pake sukakamira. Uwauze kuti mwana wawo wosamvera uja ali moyo, amapita kutchalitchi, ndipo sanachite manyazi ena alionse kupatula kuonetsa maondo. Ndili mu sitandade 7 anandikaniza, ndinalira kuseri kwa nkhokwe koma ndinamvera. Ndinaphika, ndinakusambitsa iwe, sukulu inathera pomwepo. Sindinawafunsepo kanthu. Lero ndangopempha mizere iwiri.

Ndithamanga. Lamlungu m'mawa ndidzabwera, kaya afuna kaya safuna, ndipo ngati ndidzapate mendulo ndidzaiika pamwendo pawo, aitaye okha.

Madamu akuti kuyambira Lachisanu foni ikhale yotseka kuti ndigone mokwanira, ndiye usavutike kukwera pachulu paja kufuna netiweki. Ndiponso iwe pafoni sumalankhula.

Pepa. Mawu amenewo si ako. Tionana Lamlungu.

Maureen


Chisenga
Loweruka, 21 Okutobala, 4 koloko

Akulu,

Bwerani tsopano. Musadikire mawa. Musathamange.

Adada akudwala kwambiri. Anagwa kumunda mwezi watha ndipo dzanja lamanja linafa. N'chifukwa chake sankalemba. Sanakwiye. Anandiletsa kukuuzani.

Lero m'mawa matenda aja abweranso. Akupuma movutika. Masana ano anena okha kuti, "Muyitaneni Maureen." Ndathamangira pachulu, foni yanu sikulowa, ya madamu nambala ndilibe. Asibweni apeza njinga yamoto. Ndawauza kuti akupatseni pepalali m'manja akangokuonani.

Ndinanama m'makalata awiri. Mudzandikalipire mutafika. Fulumirani.

Loveness


Chisenga
30 Okutobala

Kwa mwana wa mlongo wanga, Maureen,

Ndikupereka moni m'dzina la Ambuye. Ndikhulupirira unafika bwino kuntchito. Ife kuno tikulimba mtima pang'onopang'ono.

Unachoka pamaliro tsiku lachitatu osanditsanzika, ndipo anthu anaona. Sindikudandaula, ndine mkulu. Koma ndikufuna umve mbali yanga.

Ndinafika pabwalo paja muli kale pa liwiro. Ndinaima pa pholo la magetsi pafupi ndi tebulo la madzi. Ndinakuona, iwenso unandiona. Tsono ndikufunse, unafuna nditani? Ndikuwe pakati pa chigulu, masipika akulira, kuti awuso, adada ako, akufa? Kwathu kuno sitichita choncho. Nkhani yaikulu sauza munthu ali chiimire, sauza pamsewu, sauza akuthamanga. Umamukhazika pansi pamalo obisika, mupatsane moni, apume, kenako unene. Amayi ako atamwalira ndinayenda pansi kuchoka kuno kufika ku Wenya kukauza agogo ako. Ndinawapeza akumanga denga, ndipo ndinadikira mpaka anatsika okha. Ndikadawakuwira ali pamwamba tikadaika maliro awiri. Iwenso mtima unali pamwamba. Ndikadakupatsa pepala lija ukadagwa pomwepo.

Komanso awuso anandiuza ndi pakamwa pawo mwezi watha kuti, "Alamu, mwana uyu ndinamudula mwendo kamodzi, sindimudulanso kachiwiri." Ine kuthamanga kwakoko sindinakukonde, ukudziwa. Koma mawu a wodwala ndinawasunga.

Chachikulu ndi ichi, ndipo chikutonthoze. Awuso anatisiya dzuwa likulowa, ine ndisanafike n'komwe ku boma. Ngakhale ndikadakuimitsa ulendo woyamba ukadapeza zomwezo. Funsa aliyense pamudzi pano akuuza chimodzimodzi. Palibe chimene chinatayika.

Pa 25 Novembala tidzakhala pansi kukambirana za munda ndi za mng'ono wako. Ubwere.

Ndine asibweni ako,
Bizwell


Chitipa Boma
3 Novembala

Loveness,

Moni. Sindikufunsa za mbuzi kapena za mvula.

Pamaliro sindinakulankhule, iwenso unkangoyang'ana pansi. Pepala lako lija asibweni anandipatsa titafika kale pakhomo. Ndinaliwerenga ndi tochi kuseri kwa nkhokwe. Tsopano ndikuuze usiku wanga, chifukwa palibe wandifunsa.

Tinanyamuka anthu makumi anayi ndi asanu, akazi tinali asanu ndi mmodzi. Kunkatentha ngati masana, fumbi lili m'mano. Anaika nyali za sola m'mbali mwa njira, kwina zinali zitazima kale. Ndikumaliza ulendo wachiwiri ndinaona munthu pa pholo la magetsi, wavala jekete m'kutentha kumene kuja, chipewa chili m'manja. Asibweni! Loveness, ndinasangalala. Ndinaganiza kuti adada awatuma kudzandionera. Ndinati basi andikhululukira, moti atuma munthu yemwe uja ankakana. Ndinakweza dzanja n'kukuwa, "Asibweni, monire!" Anagwedeza mutu.

Kuyambira pamenepo ndinkathamangira pholo limenelo. Chigayo, mabala, kamtunda, asibweni. Chigayo, mabala, kamtunda, asibweni. Ulendo wachisanu anasendera kutsogolo, dzanja lili m'thumba la jekete. Ndinachepetsa liwiro, ndimayesa akufuna kundipatsa switi. Anatulutsa dzanja lopanda kanthu, amvekere, "Lutani, lutani, musaime." Ndinapita.

Ulendo wachisanu ndi chitatu ndinasanza pa chigayo. Wachikhumi chikhadabo chinazuka, nsapato inanyowa. Amuna ankakhala pansi m'mbali mwa msewu ngati matumba. Chidakwa chija chinali chitasiya nthabwala, chinkangoti, "Limbani alamu, limbani." Mutu unkandiuza kuti ima, palibe kumene ukupita, ukungobwerera pomwe wachoka. Ndinkauyankha kuti asibweni akawauza adada kuti sindinaime. Ndinkawaonetsa mkono ulendo ulionse kuti awerenge timphira, akanene nambala yoona.

Ndinamaliza 11 koloko itapitirira ndi mphindi khumi. Mwa akazi ndinali woyamba. Anandiveka mendulo, madamu akulira, bambo wa ku Mzuzu akulemba dzina langa. Asibweni anadikira zonsezo. Kenako ananditengera kuseri kwa kalasi, anapukuta njerwa ndi chipewa, anati khala. Anandifunsa ngati ndili bwino. Anandifunsa ngati madamu ali bwino. Loveness, anandifunsa ngati madamu ali bwino! Atatero ndiye anati kunyumba kuli matenda.

Tsopano andilembera kuti adada anapita dzuwa likulowa. Ankhazi, alongo awo a adada, anandiuza chomwecho, a Welcome chomwecho, mawu ake ofanana ngati nyimbo ya kwaya. Ndikufuna kukhulupirira. Koma tinafika cha m'ma hafu 1, ndipo moto wa pamaliro unali utangoyatsidwa, zipika zisanapse n'komwe. Anthu a kutsidya anali asanafike. Ndipo adada anali atavala jekete lawo la kutchalitchi, mabatani onse omanga. Amavala jekete munthu wogona pamphasa mwezi wathunthu?

Iwe unali m'nyumbamo. Wotchi yawo imakhala pa msomali. Unandinamiza kawiri chifukwa anakutuma. Tsopano wokutuma palibe. Ndiuze nthawi.

Maureen


Chisenga
13 Novembala

Okondedwa akulu anga a Maureen,

Muli uli? Phazi lapola? Kuno mvula yoyamba yagwa Lachinayi. Sindinabzale.

Kalata iyi ndayamba katatu. Asibweni anabwera ataona kuti a Welcome andipatsa envulopu. Anati, "Mwana iwe, choonadi china ndi mpeni. Ukamukonda mkulu wako unene zimene tinagwirizana." Tinagwirizanadi. Anatiitana m'khitchini m'bandakucha, inu muli m'nyumba ndi amayi a mvano. Anati tonse tizinena kuti dzuwa likulowa. Ine sindinavomere ndipo sindinakane. Ndinayang'ana pansi monga ndimachitira.

Ndiyambe ndi zakale. Anagwa pa 19 Seputembala, chithunzi chanu chinafika mawa lake. Kuchipatala chaching'ono anatipatsa mankhwala n'kutiuza kuti tipite nawo ku boma. Adada anakana. Anati ku boma kuli madamu anu, mukadziwa tsiku lomwelo ndipo mudzasiya zonse kudzawachapira zofunda. Anati apita pa 23, mpikisano utatha. Ndinawapempha. Asibweni anawapempha. Mukuwadziwa adada. Sopo uja anali wa zofunda.

Cholembera chanu anachiyesa ndi dzanja lamanzere masiku atatu. Zinkatuluka ngati mapazi a nkhuku. Ndinati ndilembe ine mizere yawo. Anati ayi, Maureen amadziwa dzanja langa. Ndinati ndiye titumize zomwezi. Anati akaona izi abwera mawa. Kalata yanu ya pa 16 ndinafuna kudumpha mawu ena koma anazindikira. Anati werenga zonse. Nditamaliza anati, "Akunena zoona. Mulekeni akwiye, mkwiyo umathamangitsa." Chithunzi chanu chinkakhala pansi pa pilo. Za kabudula anangoti, "Nsalu yakwana."

Tsopano nthawi.

Asibweni ananyamuka 5 koloko. Adada anawerengera okha. Anati maola awiri kupita, awiri kubwera, theka la ola kukufunani, ndiye hafu 9 akhala atafika. Ankandifunsa nthawi pafupipafupi mpaka ndinachotsa wotchi pa msomali n'kuiika pamphasa.

9 koloko anati ndiwapukute kumaso. Anati, "Asandipeze ngati mtolo." Ndinawaveka jekete. Dzanja lakufa lija linavuta kulowa. Mabatani anafuna onse. Ine ndi ankhazi tinawakhazika tsonga, msana kukhoma, nkhope kukhomo. Anati chitseko chikhale chotsekula.

Mawu anali olemera koma ankamveka. Anandiuza zimene adzanene mukalowa. Anati adzayamba ndi, "Wathawa ndani?" kuti museke kaye. Zinazo anati ndi za inu nokha, sanandiuze.

Hafu 9 inakwana. 10 koloko itapitirira tinamva njinga yamoto kumsewu. Anadzutsa mutu, anakonza kolala ndi dzanja lamanzere. Njinga inapitirira. Sanafunsenso nthawi.

Kenako anati, "Ndiye kuti akuthamanga." Ndinati mwina njinga yawonongeka panjira. Anati, "Ayi. Bizwell ndimamudziwa. Waima penapake chipewa chili m'manja." Anachita ngati akuseka. Sindikudziwa ngati anakondwa kapena anadandaula. Ndaganiza masiku onsewa ndipo sindikudziwa, ndiye sindikuuzani zimene sindikudziwa.

Anasiya kupuma itatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane 11 koloko. Anali chikhalire, maso kukhomo. Ndinayang'ana wotchi chifukwa panalibe kwina koyang'ana.

Mukadanyamuka pamene asibweni anakuonani koyamba, mukadawapeza. Mukadakhala nawo mwina ola limodzi.

Musawade asibweni okha. Ine ndinali ndi mwezi wathunthu ndi cholembera m'manja. Palibe anandigwira dzanja. Ndikadalemba mzere umodzi pa 25 Seputembala, kapena kunong'oneza a Welcome. Ndinaopa adada, ndinaopa inu, ndinakhala chete. Anthu amati ndine mwana wabwino chifukwa sindiyankha.

Mukafuna musandilemberenso. Ndidzamvetsa.

Ndine mng'ono wanu,
Loveness


Chitipa Boma
20 Novembala

Loveness,

Ndalandira.

Ndawerengera. Pa nthawi imeneyo ndinali ndi timphira khumi ndi tiwiri pamkono, ndikukwera kamtunda kaja. Ndikukumbukira chifukwa ndi pamene ndinapitirira bambo wa zaulimi uja, ndipo ndinaseka.

Bambo wa ku Mzuzu wayimba kawiri. Sindinamuyankhe kanthu. Madamu akandituma kuchigayo ndimazungulira njira ya kumsika kuti ndisadutse pa pholo lija. Nsapato ndabweza.

Pa 25 ndibwera. Asibweni ndidzawapatsa moni, ndidzakhala pansi monga amafunira, adzanene zawo. Iwe usabzale wekha, undidikire. Sindikudziwa ngati ndidzatha kukuyang'ana, koma undidikire.

Chinthu chimodzi. Pansi pa kalata yako wasiyanso mizere iwiri yopanda kanthu. Kapena sunazindikire. Ine ndinayambira pomwepo kuwerenga.

Maureen